Waya wa masipika akatalika, muyang'ane kunenepa kwa kopa

Bambo wina wandilembera imelo kuti ampulifaya yake ili pabalaza, koma akufuna masipika awiri akhale kukhonde lakuseli, mtunda wa mamita 20, ndiye kushopu amuuza kuti agule waya wodula wamitu yagolide. Akufunsa ngati ndizofunikadi.

Achimwene, golideyo musiyeni kaye. Chomwe chimavuta waya akatalika ndi resistance, kutanthauza momwe wayayo amatsekerezera magetsi kudutsa (imayezedwa mu ma ohm), waya akamatalika imakwera, akamanenepa imatsika, basi. Mukaika kawaya kowonda kaja kobwera m'katoni, mphamvu ina ya ampulifaya imathera m'njira ndipo bezi imamveka yofooka. Lamulo lomwe ambiri timatsata ndi loti resistance ya waya isapose 5% ya ma ohm a sipika yanu. Ndiye ngati masipika ndi a 8 ohm, waya wa 1.5mm² amakwana mpaka mamita 15 kapena kuposerako pang'ono, pa mamita 20 anuwo tengani 2.5mm². Akakhala a 4 ohm mtunda umadulidwa pakati, apo mufunika 4mm². Yang'anani kumbuyo kwa sipika, amalemba ma ohm ake.

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi CCA, waya wa aluminiyamu wongokutidwa kopa pamwamba, wadzadza m'mashopumu ndipo pamaso amaoneka bwinobwino. Palani ndi mpeni musanalipire, mkati mukayera ngati siliva dziwani kuti si kopa weniweni, resistance yake ndi yokwera komanso sachedwa kuthyoka polumikizira. Kuli bwino mugule flex ya magetsi ya 2.5mm² ya kopa ku hardware, imagwira ntchito bwino kwambiri, ineyo ndiyomwe ndingasankhe.

Chinanso, musayerekeze kusamutsa ampulifaya kupita kukhonde nkutalikitsa RCA, waya uja wamitu yofiira ndi yoyera wobweretsa nyimbo ku ampulifaya. Siginolo ya pa RCA ndi yaing'ono, ikadutsa mamita 5 imayamba kutola phokoso lija la nguuu la magetsi a 50Hz ndipo mukakweza voliyumu nalonso limakwera. RCA ikhale yaifupi, wotalika akhale waya wa sipika. Pokhapokha ngati zida zanu zili ndi XLR, pulagi ya mapini atatu ngati ya maikolofoni, imeneyo ndiye imapirira mamita 30 osadandaula.

Poyala, musamangirire pamodzi ndi mawaya a magetsi, ndipo ngati adutsa kudenga alowe mu paipi ya conduit chifukwa makoswe amatafuna. Polumikiza, pulasi kwa pulasi, mainasi kwa mainasi pa masipika onse awiri, mukasemphanitsa imodzi bezi ithawa ngakhale waya ali wabwino chotani.