Musathamangire kugulitsa sitolo ya agogoyo

Achemwali, uthenga wanu ndauwerenga kawiri, woti agogo anakusiyirani sitolo yakale ku Kopje kuno ku Harare ndiye kwabwera munthu akufuna agule, agwetse, amangepo timashopu ta mafoni tija. Ine ndikuti dekhani kaye, ndalamazo sizithawa.

Yambani ndi kufufuza chaka chomwe inamangidwa. Funsani mapulani ake kukhonsolo, kapena mupite ku National Archives pa Borrowdale Road paja, kuli zithunzi zambiri za nthawi yomwe tauni ino inkatchedwa Salisbury. Lamulo la kuno limati nyumba yomangidwa chisanafike chaka cha 1910 simungoigwetsa kapena kuisintha musanawadziwitse a National Museums and Monuments, bungwe losamala zinthu zakale, ndipo mbali yanuyo ndi kumene malonda a tauni ino anayambira, Market Hall ya pa Mbuya Nehanda Street ndi ya m'ma 1890, ndiye musadabwe mukapeza kuti yanunso ndi yamakedzana choncho. Wogulayo mwina akudziwa kale, nchifukwa chake akukufulumizitsani kusaina.

Ine nkhaniyi imandiwawa pandekha. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza, anali telala pakhonde la sitolo ina mu Robert Mugabe Road, iwo mpaka kumwalira ankangoti Manica Road basi. Khondelo linali la nsanamira zachitsulo, simenti yapansi inachita kukumbika pomwe pankakhala miyendo ya makina awo a Singer, tili ana tinkaponyamo timiyala. Chaka chatha ndinatenga mwana wanga kuti ndikamuonetse, tinangopeza magalasi ndi matailosi, anyamata akukuwa ma charger ma charger, ine kuloza m'mwamba ngati wamisala kuti apa panali khonde. Olo chithunzi chimodzi tilibe. Ngati hotela yoyamba ya Meikles ya 1915 anaigwetsa m'ma 1970 nkungosunga ziboliboli zake za mikango zija, kuli bwanji kasitolo ka munthu wamba.

Mukaganiza zoisunga, ndalama yoyamba ipite kudenga, malata odontha ndi chiswe cha m'mitengo ya denga ndi zomwe zimapha nyumba zakalezi. Mmisiri asakupusitseni zopaka pulasitala wa simenti yolimba khoma lonse, njerwa zakale zambiri anamangira laimu kapena dothi, mukazitseka chinyezi chimatsalira mkati khoma nkuyamba kufumbutuka. Mawindo ndi zitseko zamatabwa konzani, osazula. Kenako ikanimo anthu a lendi awiri atatu, nyumbayo izidzilipirira yokha ma rates.

Koma ngati pakhomo zinthu zathina zedi, sukulu fizi ikudikira, palibe angakunyozeni mukagulitsa. Kungoti pezani loya wanuwanu, osati wobwera ndi wogulayo, ndipo jambulani paliponse, kunja, mkati, kauntala, ngakhale pansi pomwe.

Loweruka ndikhala mtauni m'mawa, mundiuze ngati mudzakhalepo ndidzadutse tione dengalo limodzi.