Mafunso a owerenga: feteleza woyenera chamba chodzalidwa panja

Funso: Alangizi, ine kwathu ndi ku Dowa, koma ndatha zaka zambiri kuno ku Joni ndipo ndimakhala ku Turffontein. Chaka chatha mu Okutobala ndinadzala mitengo itatu ya chamba kuseri kwa nyumba, choti ndizigwiritsa ntchito ndekha. Inakula mosiririka mpaka kundipitirira msinkhu. Mu Febuluwale itayamba kuonetsa maluwa ndinathira yureya monga timachitira ndi chimanga kwathu, poganiza kuti ndi wobereketsa. Patapita masabata awiri masamba anabiriwira mpaka kuderako, nsonga zake zinapindikira pansi, maluwa sanakhuthale, ndipo ena anaola mvula ya mu Malichi itabwera. Kodi ndinalakwitsa pati? Komanso m'masitolo a kuno ndimaona matumba olembedwa 2:3:2 (22) ndi 3:1:5 (38), ndipo manambalawa sindiwamvetsa. Ndigule uti chaka chino? Bambo a ku Turffontein.

Yankho: Zikomo bambo chifukwa chofotokoza mwatsatanetsatane, pakuti kalata yanu yandionetsa vuto lonse ngati kuti ndaima pambali pa mitengoyo. Ndiyambe ndi mawu ochepa a zamalamulo kuti owerenga ena asasokere. Pa 18 Seputembala 2018 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula kuti munthu wamkulu saphwanya lamulo akadzala kapena kugwiritsa ntchito chamba pamalo ake a iye yekha, ndipo mu Meyi 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina lamulo lofotokoza zimenezi. Kugulitsa n'koletsedwabe, ndipo kwa ife alendo mlandu wotero ungathe kuwononga mapepala amene tinawavutikira. Kwathu ku Malawi lamulo la mu 2020 limalola chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso, choncho chimene mwakolola ku Turffontein chisakwere basi yopita kumudzi. Ngati mukuchita lendi, kambiranani ndi eni nyumba musanadzale, ndipo ana asafike pamene pali mitengoyo.

Tsopano za feteleza. Simunalakwitse chifukwa cha ulesi kapena umbuli ayi, koma chifukwa chotsata nzeru imene imagwira bwino ntchito m'munda wa chimanga. Tonse tinakula tikudziwa kuti pali wokulitsa, uja wa chitowe wa 23:21:0+4S, ndi wobereketsa, amene ndi yureya kapena CAN. Dzina lakuti wobereketsa ndilo linakusocheretsani. Yureya ndi nayitirojeni yekhayekha, magawo 46 pa 100 alionse, ndipo ntchito ya nayitirojeni ndi kukulitsa masamba ndi nthambi. Chimanga chimamufuna kwambiri chikamakonzekera kumasula, koma chamba chimamufuna wambiri chikadali kukula, ndipo chikayamba maluwa njala yake ya nayitirojeni imachepa. Mukachipatsa wochuluka pa nthawi imeneyo chimapitiriza kutulutsa masamba m'malo momanga maluwa, chimachedwa kukhwima, ndipo minofu yake imakhala yofewa ndi yamadzimadzi, imene chuku chimailowa mosavuta kukakhala chinyezi. Kubiriwira koderako kuja ndi kupindika kwa nsonga ngati zikhadabo za kabawi ndi zizindikiro zodziwika za mbewu imene yakhuta nayitirojeni mopitirira muyeso.

Manambala a pa matumba a kuno amawerengedwa mosiyana ndi a kwathu, ndipo m'pofunika kuwamvetsa chifukwa ambiri amagula mongoyerekeza. Manambala atatu oyambawo amaimira nayitirojeni, fosifolasi ndi potaziyamu motsatana, koma sakunena kuchuluka kwake, akungonena kagawidwe. Kuchuluka kwa zakudya zonse pamodzi ndi nambala ya m'mabulaketi ija. Tengani 2:3:2 (22). Pa makilogalamu 100 a fetelezayo, 22 ndiwo chakudya cha mbewu, ndipo 22 ameneyo agawidwa m'zigawo zisanu ndi ziwiri, ziwiri za nayitirojeni, zitatu za fosifolasi ndi ziwiri za potaziyamu. Mukawerengera mupeza kuti nayitirojeni ndi wongopitirira pang'ono magawo 6 pa 100, kutanthauza kuti ndi feteleza wofatsa poyerekeza ndi wa chitowe amene ali ndi 23. Wa 3:1:5 (38) ali ndi nayitirojeni pafupifupi magawo 13, fosifolasi 4 ndi potaziyamu 21, ndipo kuchuluka kwa potaziyamuko ndi chifukwa chake amamugulitsa ngati wa maluwa ndi zipatso.

Kuti mudziwe nthawi yothira uti, yang'anani nyengo ya mzinda uno. Johannesburg ali pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo chisanu chake chimapha mbewu zanthete, n'chifukwa chake ambiri amadikira mpaka kumapeto kwa Seputembala kapena Okutobala. Chamba cha mtundu wamba chimayamba maluwa chikaona kuti usiku wayamba kutalika, osati chifukwa cha msinkhu wake. Tsiku lalitali kwambiri limakhala cha pa 21 Disembala, ndipo pofika Febuluwale mitengo yambiri imakhala itayamba kuonetsa timaubweya toyera m'mphanda za nthambi. Choncho miyezi yokulitsa ndi Okutobala mpaka Januwale, ndipo yotsalayo mpaka kukolola mu Epulo kapena Meyi ndi ya maluwa.

Ine ndikanakhala inu, ndalama zambiri ndikanaika pa dzenje, osati pa thumba. Kumbani dzenje lotalika ndi kuzama theka la mita, masabata awiri kapena atatu musanawoke. Sakanizani dothi lapamwamba ndi kompositi kapena manyowa oola bwino, gawo limodzi la manyowa pa magawo awiri a dothi, kenako onjezerani dzanja limodzi la 2:3:2 ndi dzanja limodzi la ufa wa mafupa, n'kusakaniza bwinobwino kuti muzu wanthete usakhudzane ndi mulu wa feteleza. Fosifolasi sayenda msanga m'nthaka, choncho malo ake ndi pansi pamene mizu idzamupeze, ndipo kumuwaza pamwamba mbewu itakula kale sikuthandiza kwenikweni. Dothi lofiira la madera ambiri a kuno limakonda kukhala la asidi, pamene chamba chimadya bwino pH, nambala yosonyeza kuchuluka kwa asidi m'dothi imene imatsika asidi akachuluka, ikakhala pakati pa 6 ndi 7. Tizipangizo toyezera timapezeka m'masitolo a mbewu, ndipo mukapeza kuti ili pansi pa 6 thirani laimu wa dolomite pokonza dzenjelo, amene amabweretsanso kashiamu ndi maginiziyamu.

Mbewu ikafika m'mawondo mungayambe kuonjezera nayitirojeni pang'onopang'ono. Kuno amene amapezeka paliponse ndi LAN, wa magawo 28 pa 100, mbale wake wa CAN uja. Muyeso wake ukhale ngati umene timathirira phando la chimanga: chitsekerero chimodzi cha botolo, kapena ziwiri mtengo ukakula, mozungulira patali chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera pa tsinde, dothi lili lonyowa, kenako n'kukwirira pang'ono ndi kuthirira. Bwerezani pakatha masabata atatu kapena anayi pokhapokha ngati masamba akuonetsa kuti akufuna, ndipo lekani kumapeto kwa Januwale. Timaubweya toyera tija tikaoneka, sinthani n'kuthira 3:1:5 pa theka la muyeso wolembedwa pa thumba, kawiri kapena katatu motalikitsa masabata atatu, ndipo masabata awiri kapena atatu omaliza muzingothirira madzi okha. Masamba akuluakulu a m'munsi akayamba chikasu cha kumapetoko musadandaule, chifukwa mtengo umakhala ukutenga chakudya m'masamba akale kupititsa ku maluwa.

Ndionjezere chimodzi chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a ife timanyadira mbewu ya kwathu. Mitundu ya kumadera otentha ngati Malawi imatalika kwambiri, imachedwa kukhwima, ndipo sifuna feteleza wambiri ngati mitundu yosakanizidwa ya m'masitolo. Mukaichedwetsanso ndi yureya, chisanu cha mu Meyi chingaipeze isanakhwime. Pomaliza, musagule feteleza wa kapinga amene anasakanizidwa ndi mankhwala ophera udzu wa masamba aakulu, chifukwa mankhwalawo adzaphanso mitengo yanu.

Funso: Ine ndilibe ndalama zogulira feteleza, koma aneba anga amaweta nkhuku ndipo zitosi amandipatsa ulere. Phulusa nalonso silisowa. Malo ndi ochepa, choncho ndimadzala m'ndowa za malita 20. Kodi zimenezi zikwanira? Mayi a ku Cosmo City.

Yankho: Mayi, muli ndi chuma chimene ena amachigula ndi ndalama, koma chimafuna kuleza mtima. Zitosi za nkhuku ndi zamphamvu kuposa ndowe za ng'ombe, ndipo zikakhala zaziwisi zimatulutsa amoniya amene amawotcha mizu, makamaka m'ndowa momwe muzu ulibe kothawira. Ziunjikeni pamthunzi mosanjikiza ndi masamba ouma kapena udzu, muziwaza madzi kuti zikhale zachinyezi koma osati zonyowa kwambiri, muzitembenuza pakatha masabata awiri alionse, ndipo mudikire miyezi iwiri kapena itatu. Mudzadziwa kuti zapsa mukalowetsa dzanja pakati pa mulu n'kupeza kuti sipakutenthanso, mtundu wada, ndipo fungo lasanduka la dothi la m'nkhalango. Amene amadziwa kupanga manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kusunga m'thumba lomanga kwa masiku 21, angawagwiritse ntchito pa nthawi yokulitsa, koma achepetse maluwa akayamba chifukwa muli nayitirojeni wambiri.

Phulusa la nkhuni lili ndi potaziyamu ndi kashiamu, choncho limathandiza pa nthawi ya maluwa, koma limakweza pH msanga ngati laimu. Supuni imodzi kapena ziwiri pa ndowa, kamodzi pa mwezi, n'zokwanira. Likhale la nkhuni zenizeni, osati la malasha a miyala kapena la matabwa opakidwa penti ndi mankhwala, ndipo musalisakanize ndi zitosi zaziwisi pa nthawi imodzi chifukwa nayitirojeni amathawira mumpweya.

Ndowazo muziboole mabowo ambiri pansi ndi kuziika pa njerwa. Mvula ya mabingu ya masana imene timaidziwa kuno imagwa yambiri pa kanthawi kochepa, ndipo imatsuka chakudya m'ndowa mofulumira kuposa m'munda, choncho ndi bwino kudyetsa pang'ono koma kawirikawiri. Njira yosavuta ndi kumanga manyowa opsa odzaza manja awiri m'kathumba, kuwaviika m'ndowa ya madzi kwa tsiku limodzi kapena awiri, n'kusungunula madziwo mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka, kenako n'kuthirira kamodzi pa sabata. Malita 20 adzakupatsani mtengo wapakatikati, ndipo ngati ndowayo ndi yakuda ikulungeni ndi saka kuti dzuwa la mu Disembala lisaphike mizu.

Funso: Ndimakhala pafupi ndi milu ya mchenga wa migodi cha ku Riverlea. Masamba a mbewu zanga akuchita chikasu pakati koma mitsempha ikadali yobiriwira. Ndithire chiyani? Wowerenga wa ku Riverlea.

Yankho: Chikasu cha pakati pa mitsempha chikayambira m'masamba akale a m'munsi, nthawi zambiri ndi kuchepa kwa maginiziyamu, ndipo supuni yaing'ono imodzi ya mchere wa Epsom m'malita asanu a madzi imathandiza. Chikayambira m'masamba anthete a kunsonga, kawirikawiri ndi ayironi amene mbewu ikulephera kumutenga chifukwa pH yakwera kapena mizu yakhala m'madzi nthawi yaitali, ndipo pamenepo kuonjezera feteleza sikungathetse vutolo.

Koma chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi malowo, achimwene. Milu ya migodi ya golide ili ndi zitsulo zapoizoni, kuphatikizapo yureniyamu, ndipo fumbi lake limauluka ndi mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala n'kugwera m'mabwalo a nyumba zoyandikana nayo. Chamba ndi mbewu yodziwika kuti imayamwa zitsulo monga mtovu ndi kadimiyamu kuchokera m'nthaka n'kuzisunga m'thupi mwake, ndipo dothi la asidi limachititsa kuti ziyamwidwe mosavuta. Palibe feteleza amene angachotse zimenezi. Ndikukupemphani kuti musadzale m'nthaka ya pabwalopo, koma m'ndowa kapena m'matumba odzaza dothi logula kapena lochokera kutali ndi migodi, ndipo muzithirira madzi a pampopi, osati a m'ngalande kapena m'timitsinje ta m'deralo. Malangizo omwewa ndi a mpiru, tomato ndi chinangwa chimene ana anu amadya.

Funso: Mnzanga akuti popanda mabotolo a feteleza wamadzi ochokera kunja sindingakolole kanthu. Kodi n'zoona? Mnyamata wa ku Randburg.

Yankho: Si zoona. Mabotolo ambiri oterowo anapangidwira anthu odzala m'nyumba, m'madzi kapena m'makoko a kokonati momwe mulibe chakudya chilichonse, ndipo mkati mwake muli nayitirojeni, fosifolasi ndi potaziyamu yemweyo amene ali m'thumba lotchipa. Mtengo umene uli panja, m'dzenje lokonzedwa bwino ndi manyowa, umene ukulandira dzuwa maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, umakhala utapeza kale zambiri zimene umafuna. Ngati muli ndi ndalama yapadera, gulani kachipangizo koyezera pH ndi neti yotchinga matalala, chifukwa matalala a mu Novembala angathe kuyoyola masamba onse pa mphindi khumi zokha.