Funsani makaniko: Kachikwama ka pa giya kasupuka, ndiikepo ka chikopa?

Funso: Akulu, ndili ndi Toyota Corolla ya manyuwo, yakale ndithu koma imayenda bwinobwino. Kachikwama kaja kamaphimba tsinde la giya kayamba kusupuka, tizidutswa takuda timangomatirira m'manja ndi pa thalauza, mbali ina kang'ambikiratu mpaka zitsulo zamkati zikuoneka. Ndikufuna ndiikepo ka chikopa chenicheni, kodi ndingapange ndekha kapena mpaka ku galaja? Ndine wowerenga wanu, ku Zomba.

Yankho: Achimwene, iyi mutha kupanga nokha Loweruka m'mawa, yemwe mukumufuna apa si makaniko ayi koma munthu wodziwa kusoka basi. Kamene kanabwera ndi galimotoko nthawi zambiri sikakhala ka chikopa, ndi rexine, pulasitiki yomatidwa pa nsalu, ndiye kutentha kwathu kuja kwa mu Okutobala galimoto ikamakhala padzuwa mawindo ali otseka imauma n'kuyamba kufundula ngati njoka.

Kokani handibuleki, giya ikhale pa nyutulo. Mutu wa giya pa ma Toyota ambiri a manyuwo umangopotokoledwa kumanzere ngati bawuti. Kenako pulasitiki yozungulira kachikwamako ija imagwidwa ndi timakilipi, itukuleni pang'onopang'ono ndi sikuludilaiva yokulunga kansalu, osakakamiza chonde, timakilipi timeneti tikathyoka chinthucho chizingogwedera mpaka kalekale. Enanu a VW Polo ndi Golf musatengere izi, kwanuko mutu ndi kachikwama zimabwera pamodzi zomangidwa ndi kachitsulo kofinya pansi pake, mukapotokola muwononga. Za otomatiki zokhala ndi batani nazonso zambiri sizipotokoledwa.

Tsopano mvetserani apa, pomwe ambiri amalakwitsa. Kakale kaja musataye ngakhale kaoneke konyansa bwanji, ndi patani yanu imeneyo. Kachotseni pa felemu yake ya pulasitiki, kamakhala komata ndi guluu kapena kokhoma ndi timawaya ta sitepula, musomole ulusi wonse zidutswa zigone chafulati, mupite nazo kwa osoka mipando ya galimoto kapena wosoka nsapato amene ali ndi makina, adule chikopa motsatira zomwezo. Asachepetse olo pang'ono. Kakafupika kamakoka giya, mupeza mukuyenda pa bampu giya yatuluka yokha mu seko kapena mu folo, inu n'kumaganiza kuti giyabokosi yafa pomwe vuto ndi kachikopa kothina. Bola kakhale kotayirira pang'ono.

Chikopa chake chikhale chofewa, chopyapyala cha pafupifupi milimita 1, osati chokhuthala chija cha malamba. Ine ndimakonda jekete lachikopa kapena chikwama cha amayi cha pa kaunjika, chimakhala chofewa kale komanso mtengo wake ndi wabwino, kungoti muyang'ane kuseri kwake, chenicheni chimakhala ndi timaubweya, mukaona nsalu dziwani kuti ndi rexine yomwe ija mukuithawa. Ulusi auzeni asokere wa nayiloni, wa thonje suchedwa kuduka.

Pobwezera katsopanoko katembenuzeni kunja kukhale mkati, mulowetse kukamwa kwake kwakung'ono pa ndodo ya giya, mumange ndi cable tie, kalamba kapulasitiki kaja komangira mawaya, kenako mukagwetse pansi msoko ubisike, m'munsi mumate pa felemu ndi guluu wa nsapato uja mumapaka mbali zonse n'kudikira aume kaye. Musanatseke timakilipi lowetsani magiya onse injini ili yozimitsa, livesi yomwe, muone ngati palibe pokoka.

Muli pomwepo suzumirani pansi. Galimoto zina, makamaka ma Hilux ndi ma pikapu ena omwe ndodo ya giya imaboola pansi kupita ku giyabokosi, zili ndi labala ina mkati yotchinga fumbi, kutentha ndi phokoso. Imeneyo ikang'ambika chikopa sichingathandize, fumbi lizilowabe, igulidwe ina. Mukamaliza muzikapukuta ndi kansalu konyowa pang'ono ndi kupaka mafuta osamalira chikopa mwa apo ndi apo, a ophikira ayi, amanunkha akatenthedwa.