Malipiro achedwa: ndiwauze bwanji antchito ndi ondipatsa katundu?

Funso: Zikomo alangizi. Ndili ndi lesitilanti ku Lilongwe ndipo ndinalemba antchito 7. Timaperekanso nkhomaliro ku ofesi ina, koma papita miyezi iwiri osandilipira. Pa 30 usiku ndinalemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti malipiro achedwa, apirire. Palibe anayankha. Awiri asiya kubwera, ndipo bambo amene amandipatsa nkhuku pangongole amva nkhaniyi kwa mmodzi wa atsikana anga, pano akuti ndizigula pakashi. Ndinalakwitsa pati? Ndine mayi wa ku Area 25.

Yankho: Pepani mayi ndi zimene zakugwerani. Kuchedwa kwa ndalama za ku ofesiko si mlandu wanu. Koma ndikuuzeni mosabisa, nkhaniyi munaisunga nthawi yaitali, ndipo poitulutsa munaituma foni m'malo moinena nokha.

Munadziwa liti kuti ndalamazo sizibwera? Ndikhulupirira kuti pofika pa 20 mtima unali utakuuzani kale, koma munati mwina cheke chituluka. Tsono taganizirani mayi amene amakuphikirani nsima. Wafika kunyumba zovala zikununkha utsi, ana agona, watsegula foni n'kupeza uthenga wanu. Lendi ikufunika pa 1. Ku banki mkhonde akumudikira. Mawu oti "pirirani" sangapite nawo kwa landilodi, chifukwa landilodi amafunsa funso limodzi: liti? Mukanamuuza pa 20, akanakagogoda kwa mwini nyumba nthawi ikadalipo, ndipo mwina sakanaganiza zokatenga katapila. Chete amene munamuona pagulupo si mwano. Munthu angayankhe chiyani za mavuto a m'nyumba mwake pamaso pa anzake onse ndi abwana omwe?

WhatsApp sindikuida ayi. Njabwino pouzana kuti magetsi azima tikoleze mbaula, kapena kuti mawa wogula tomato kumsika ndi ndani. Koma nkhani ya malipiro, ya kudzudzula munthu, kaya ya kuchotsa ntchito, imayambira pakamwa, maso ndi maso. Kulemba kumabwera pambuyo, ngati umboni wa zimene mwagwirizana.

Mawa m'mawa, moto usanakolezedwe, akhazikeni pansi onse, inunso mukhale nawo. Yambani ndi kupepesa chifukwa cha mmene anamvera nkhaniyi. Auzeni chimene chachitika: ofesi ija ili ndi ngongole ya miyezi iwiri. Simukufunika kuwatsegulira mabuku onse, koma musanamenso kuti mulibiretu kalikonse pamene iwo ndi amene amalandira ndalama za makasitomala tsiku ndi tsiku. Amadziwa kuwerenga mbale zimene zatuluka. Ngati mungakwanitse theka, perekani theka pomwepo, aliyense molingana ndi malipiro ake, inu mudzitengere pomalizira.

Pa yotsalayo tchulani tsiku. Apa ndi pamene ambiri amadzikola, chifukwa amatchula tsiku limene alonjezedwa ndi owakongola. Inu werengerani pa ndalama za nsima imene mumagulitsa pakhomo panu. Ngati zikukwana pa 12, nenani pa 12, ngakhale mtima ukufuna kunena pa 5 kuti nkhope zimasuke. Tsiku lachiwiri likadzaphonyeka, lachitatu sadzalikhulupiriranso. Kenako asiyeni afunse. Wina adzalankhula mowawa, mumvereni mpaka amalize. Mukatha, ndiye lembani pagulu paja kapena papepala: talandira zakuti lero, zotsala pa 12.

Dziwaninso kuti ndalamayo si chifundo chanu. Lamulo la zantchito la Employment Act la chaka cha 2000 limati wolembedwa pamwezi azilandira mwezi ndi mwezi, ndipo akhoza kukadandaula ku ofesi ya zantchito, nkhani n'kufika mpaka ku khoti la Industrial Relations. Zikafika kumeneko, pepala losonyeza kuti munakambirana n'kulipirako limakuimirirani.

Za bambo a nkhuku aja, akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pitani nokha kukhola kwawo. Musatume mtsikana, musalembe meseji. Ndipo musawaone ngati ouma mtima. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wopereka katundu pangongole anaphunzira kuti ndalama yochedwa imabwera itafota. Iwo anapiye amagula pakashi, chakudya cha nkhuku pakashi, ndipo nkhuku ikakwana sabata zake sileka kudya chifukwa choti Mayi sanalipire. Chawaopsa kwambiri n'chakuti amva kwa wantchito. M'mutu mwawo muli funso loti, kodi mayiwa akundibisiranso chiyani?

Tengani kope lanu la ngongole, muyerekeze ndi lawo, mugwirizane kaye kuti ndalama yonse ndi zingati. Lipiraniko pang'ono muli pomwepo, makamaka pa Airtel Money kapena Mpamba kuti meseji itsale ngati lisiti kwa nonse awiri. Akanena kuti nkhuku zatsopano muzigula pakashi, vomerani, yakaleyo muzidula sabata ndi sabata. Ngongole idzatsegukanso akadzaona kuti Lachisanu limene munanena mwafikadi. Mtsikana uja musamukalipire. Anafunsidwa, ndipo analibe mawu ena oti anene kupatula amene anawawerenga pa foni. Pa msonkhano wa mawawo ingowauzani onse kuti wofunsa za ngongole kapena za mitengo azimutumiza kwa inu.

Ku ofesi kuja, ndikuganiza kuti mwakhala mukuimbira munthu amene anakupatsani oda, iye n'kumangoti tikuziona. Kawirikawiri woodetsa chakudya si amene amatulutsa ndalama. Lembani kalata yaifupi, yaulemu: masiku amene munapereka chakudya, manambala a mainvoisi, nambala ya LPO (chikalata cha oda chochokera ku ofesiko) ngati anakupatsani, ndalama yonse, ndi tsiku limene mukupempha kuti alipire. Mupange makope awiri, limodzi alidinde mubwere nalo. Kafikeni kwa a akaunti mukafunse kuti pepala lanu laima pa desiki ya ndani ndipo chikusowa n'chiyani. Ndaonapo invoisi ikugona miyezi m'fayilo chifukwa chongosowa TPIN, nambala ya wolipira msonkho ya ku MRA, mwini wake akuimba foni tsiku lililonse osauzidwa. M'kalatamo munenenso kuti likadutsa tsikulo muyamba mwaimitsa nkhomaliro. Zimandipweteka kuona bizinesi ya mayi mmodzi ikukongoza mpunga ndi mafuta ophikira ofesi yathunthu, popanda ndi chiwongoladzanja chomwe.

Atsala ndi awiri amene sakubwera. Aimbireni usiku uno, aliyense payekha, osati pagulu. Musayambe ndi funso loti bwanji mwajomba, yambani ndi kufunsa kuti kunyumba kuli bwanji. Musafulumire kuwachotsa, pakuti lamulo lomwe lija limafuna kuti munthu amvedwe kaye asanachotsedwe pa mlandu wa khalidwe. N'kutheka kuti sanakwiye n'komwe, angosowa ya minibasi. Ngati ndi choncho, atumizireni ya thiransipoti kuti mawa adzakhale nawo pa msonkhano.