Achemwali a ku Plymouth afunsa: tipite ndi agogo ndi ana komwe ku famu ya ayisikilimu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe amakhala ku Plymouth, kuno ku England. Akuti mayi awo abwera kuchokera ku Dedza kudzaona zidzukulu, ndiye pa holide ya sukuluyi akufuna atengane onse, anthu 11 kuphatikiza ana asanu, apite ku Roskilly's, famu yaing'ono ija ya ku Cornwall yomwe imapanga ayisikilimu wa oganiki. Funso lawo ndi loti, kodi ulendowu ndi woyenera mafuta a galimoto, nanga oganikiyo si njira chabe yokwezera mtengo?

Achemwali, pitani. Koma musakapitire ayisikilimu yekhayo ayi, mukapitire ng'ombe.

Famuyi dzina lake ndi Tregellast Barton, ili pafupi ndi mudzi wa St Keverne ku dera la Lizard, kupitirira tauni ya Helston, ndipo kuchoka ku Plymouth konzekerani maola awiri kapena kuposerapo chifukwa chakumapeto timisewu take ndi topapatiza, mipanda ya miyala ndi zitsamba mbali zonse, mukakumana ndi thirakitala wina abwerere chambuyo basi. Ngati mukuyenda magalimoto awiri gwirizanani pokumana musanalowe m'timisewumo, netiweki imatha kuvuta kumidziko.

Ng'ombe zawo ndi za mtundu wa Jersey, zazing'ono, zofiirira, maso akuluakulu. Mayiwo akaziona adzafunsa kuti linunda lili kuti poti anazolowera zathu zija, ndipo kucheza kwenikweni kudzayambira pamenepo. Ine nditapitako ndi ana anga, wamng'onoyo anaima duu kuyang'ana mashini akukama, ndipo ndinazindikira kuti mwana wobadwira kuno amatha kufika zaka zisanu ndi ziwiri asanaonepo bere la ng'ombe, kwa iye mkaka umachokera mufiriji ya m'shopu. Inu muli ndi mwayi woposa wanga, muli ndi munthu woti anakulira pafupi ndi khola, awasiyeni agogo afotokoze m'Chichewa, thole ndi chiyani, kubzikula ndi chiyani. Imbani foni musananyamuke mufunse nthawi yokama, komanso muwauze kuti muli gulu, anthu 11 si ochepa pamalo odyera aang'ono. Malo awo odyerawo amawatchula Croust House, croust ndi mawu a anthu a ku Cornwall otanthauza kachakudya kamene antchito amadya popuma kumunda, ngati mmene ife timatengera mbatata ndi thobwa kudimba.

Tsono za oganikizo. Kuno mawuwa sangowalemba pa chibekete mwachisawawa, ali ndi lamulo, ndipo pali mabungwe monga Soil Association, lomwe linayamba mu 1946, amene amayendera mafamu chaka ndi chaka. Munda umatenga pafupifupi zaka ziwiri usanavomerezedwe. Saloledwa feteleza wa m'matumba uja wa nayitirojeni, amadalira manyowa ndi zomera zobwezera chonde m'nthaka, zomwe kwa mayi anu sizachilendo olo pang'ono. Ng'ombe ziyenera kudya kubusa nyengo ikalola, chakudya chake chosachepera magawo 60 pa 100 chikhale udzu, ndipo sazibaya maantibayotiki mwachizolowezi pokhapokha zikadwala, zikatero mkaka wake amayamba ausiya kaye nthawi yotalikirapo kuposa pa famu wamba. Zonsezi zimadya ndalama ndipo ng'ombe zimatulutsa mkaka wocheperako, nchifukwa chake mtengo umakwera. Koma musanamizike kuti oganiki ndiye kuti alibe shuga kapena sanenepetsa. Shuga alimo wambiri ndithu, ngati mayiwo ali ndi matenda a shuga akangolawa pang'ono.

Kukoma kwake kumachokera kwina. Mkaka wa Jersey uli ndi mafuta pafupifupi magawo 5 pa 100 pomwe wa ng'ombe zakuda ndi zoyera zija umakhala cha m'ma 4. Popanga amasakaniza mkaka, kirimu ndi shuga, amatenthetsa kuti tizilombo tife, amaziziritsa kwa maola angapo kenako mashini amatakasa uku akuumitsa, ndipo potakasapo mumalowa mpweya. Ayisikilimu wotchipa wa m'mashopu amatha kukhala theka lonse mpweya, ndipo wina amaikamo mafuta a zomera m'malo mwa kirimu, nchifukwa chake amangoti pwee mkamwa osasiya kanthu. Opanga pang'onopang'ono amaika mpweya wochepa, mukanyamula chibekete mumamva kulemera. Muwapatse ana anyamule ayerekeze ndi cha kunyumba. Chipinda chopangiramo musayembekezere kulowamo, malamulo a ukhondo wa chakudya ndi okhwima.

Chinthu chimodzi chomwe anthu athu ambiri sitikambirana: akuluakulu ambiri a kwathu mkaka wosasasa umatitsegula m'mimba kapena kutitupitsa, chifukwa thupi likakula limachepetsa mphamvu yogayira shuga wa mumkaka. Munthu amene chambiko amamwa bwinobwino akhoza kuvutika ndi kapu ya ayisikilimu. Mayiwo mwina sanganene poopa kusokoneza chisangalalo cha zidzukulu, ndiye afunseni mwakachetechete, ndipo ngati zili choncho afunsireni sorbet, uja wa zipatso wopanda mkaka, wokhala ngati mafilizesi athu koma wosalala.

Ndiye kusamba m'manja, apa ndikupemphani musanyozere. Ndowe za ng'ombe zimatha kukhala ndi kachilombo ka E. coli O157 ngakhale ng'ombeyo ikuoneka yathanzi, ndipo mu 2009 pa famu ina yolandira alendo ku Surrey anthu 93 anadwala, ambiri mwa iwo ana. Mwana akagwira mpanda, geti kapena chiweto, sopo ndi madzi kaye asanagwire koni, sanitaiza yekha sakwanira. Nsapato zikhale zotseka, ndipo ngati pagulupo pali woyembekezera atalikirane ndi nkhosa zomwe zikubereka kapena zangobereka.

Nyamulani majekete olo kukhale dzuwa, mphepo ya kunyanja imazizira ndipo agogo adzaimva kuposa nonse. Mukatha pitani ku Coverack, ndi pafupi, ana akaponde mchenga. Ngati mukufuna kugula wotengera kunyumba mukagule pomaliza penipeni ndipo mukhale ndi kulaboksi ya ayisi wambiri, chifukwa ayisikilimu akasungunuka panjira sabwezeredwanso mufiriza.