Pambale idamera, kumunda idakana

FUNSO: Ndimalima kamunda m'mbali mwa msewu kuno ku Mabvuku. Chaka chatha ndinali ndi mbewu ya chimanga yotsala chaka chinacho. Ndidayika njere 20 pambale pansalu yonyowa, 18 zidamera. Nditabzala mu Novembala, mapando ambiri adangokhala pululu, ndidapakiza kawiri. Kodi ndi mbewa kapena mbewu? — Anaphiri, Mabvuku

YANKHO: Anaphiri, mbewa zimafukula ndi kusiya maenje, mukadaona. Ine ndikukayikira mbewuyo. Kumera ndi kwina, mphamvu ndi kwina. Pambale njere ili ngati mlendo pampando: madzi alipo, dothi lolimbana nalo palibe. Ngakhale yotopa imatulutsa kamuzu. Kumunda iyenera kuboola dothi lomwe mvula yalimenya, dzuwa n'kuliwumitsa gwa.

A ku labotale, monga a Seed Services Institute konkuno ku Harare, poyesa kameredwe amatenga njere 400, m'magulu anayi a 100, n'kuziyika pa 25°C. Amawerenga tsiku la 4 ndi la 7, ndipo zopunduka saziwerengera. Koma pofuna kudziwa mphamvu, mbewu imayamba yazunzidwa. Njira ina ndi kuiyika m'dothi lonyowa pa 10°C masiku 7, kenako pofunda; imeneyo imathandiza kwambiri alimi a ku America ndi ku Ulaya amene amabzala nthaka ikadazizira. Yotikhudza ife ndi ya kutentha: masiku atatu pamalo achinyezi otentha kupitirira 40°C, kuti mbewu ikalambe msanga, kenako aone zomera.

Nanga thumba lanu lidali pati? Ngati lidagonera m'chipinda cha malata Okutobala yense, pafupi ndi pophikira, ndiye kuti mayeso amenewo mudawachita nokha osadziwa. Inenso zidandionekera ndi thumba lomwe ndidaiwala pamwamba pa kabati.

Chaka chino mbale isiyeni. Patatsala milungu iwiri kuti mubzale, katapeni dothi la kumunda komweko, mudzaze beseni loboola pansi. Tengani njere 100 pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba, osasankha zokongola, muzikwirire masentimita 5. Thirirani, koma lolani pamwamba pawumeko. Pakatha sabata werengani, ndipo muone ngati zatuluka pamodzi. Zikamatuluka lero zisanu, mkuja zitatu, zina zopindika ndi zachikasu, kagulenitu ina mvula isanagwe. Yakaleyo ngati ili yopaka mankhwala ofiira kapena obiriwira, musapite nayo kuchigayo, ngakhale nkhuku musazipatse.