Amayi anga agwa kawiri: kodi asiye kuvina?

FUNSO: Amayi anga ali ndi zaka 72. Chaka chino agwa kawiri, koyamba potuluka m'bafa, kachiwiri atapunthwa pakhomo. Sanathyoke, koma ife ana tinawaletsa kupita ku gule wamakolo amene akhala akuvina ndi anzawo kuyambira pa utsikana wawo. Pano amangokhala pampando, ndipo akamayenda amagwira khoma. Achimwene akuti tinachita bwino, koma ine mtima wanga suli m'malo. Kodi tinalakwa? — Mwana wodera nkhawa

YANKHO: Achemwali, mantha anuwo ndikuwamvetsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Komabe ndikuuzeni mosapsatira: mpandowo ndi umene ukundiopsa kuposa gule.

Kuti munthu aime osadzandira, pamagwira ntchito maso, m'kati mwa khutu, mitsempha ya kumapazi imene imamva pansi, ndiponso minofu ya ntchafu, chiuno ndi akakolo. Minofuyi ikakhala yosagwiritsidwa ntchito imafooka, makamaka pa ukalamba. Munthu akagwa amayamba kuopa, akaopa amasiya kuyendayenda, miyendo imalefuka, kenako amagwanso. Kugwira khoma mukunenako ndi chizindikiro chakuti amayi ayamba kusadalira miyendo yawo.

Tayang'anani zimene wovina amachita. Amaika thupi lonse pa mwendo umodzi kwa kamphindi, kenako pa winawo. Amaponda cham'mbali, amabwerera cham'mbuyo, amapinda mawondo, amatembenuka, uku khutu likutsata ng'oma ndipo maso ali pa mnzake wakutsogolo. Munthu akapunthwa, chomwe chimamupulumutsa ndi kuponya phazi msanga pamalo oyenera, ndipo wovina amazolowetsa thupi lake zimenezi nyimbo iliyonse. Ofufuza ku Greece ndi ku Thailand anayesa magule amakolo akumeneko pa anthu achikulire, ndipo anapeza kuti atavina kwa milungu ingapo ankaima ndi kuyenda mokhazikika kuposa kale. Ine chimene ndimakondera gule n'chakuti munthu satopa naye. Masewera olembedwa papepala ambiri amawasiya, koma nyimbo imene munthu anakulira amaithamangira yekha, ndiponso anzake amamufunsa akajomba.

Musanawabwezere kubwalo, pitani nawo kaye kuchipatala. Kugwa kawiri m'chaka chimodzi kumafuna kufufuza. Akawayeze maso, akawayezenso kuthamanga kwa magazi atagona komanso ataimirira, chifukwa kwa ena magazi amatsika akadzuka mwadzidzidzi n'kuchita chizungulire. Mutenge mankhwala onse amene akumwa. Ena ogonetsa ndi ena a BP amadzandiritsa. Ngati ali ndi matenda a shuga, anene ngati mapazi amachita dzanzi.

Adokotala akalola, ayambire kunyumba, mphindi 10 zokha, atagwira kumsana kwa mpando wolimba, inu mukuwomba m'manja pang'onopang'ono. Asankhe okha nyimbo. Kudumpha, kuzungulira mothamanga ndi kunjuta mpaka pansi azisiye kaye. Kupondaponda, kusuntha cham'mbali ndi kugwedeza chiuno n'zokwanira poyamba. Pansi pakhale posalala bwino koma posaterera, opanda mphasa yopindika kapena zingwe, ndipo avale nsapato zogwira chidendene, osati mapatapata. Nsalu isafike kumapazi. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena phuma losazolowereka, aleke pomwepo.

Gule yekha sakwanira kulimbitsa ntchafu, choncho awonjezere kudzuka pampando ndi kukhalanso, kasanu kapena kakhumi, osathandizira ndi manja ngati angathe. Malangizo a WHO a chaka cha 2020 amati anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita masewera olimbitsa minofu ndi othandiza kuima mokhazikika masiku atatu kapena kuposerapo pa mlungu.

Akayamba kuvina nyimbo yathunthu osagwira mpando, aperekezeni kwa anzawo aja. Pempheni woimba ng'oma ayambe ndi nyimbo zodekha, ndipo amayi aime pafupi ndi munthu wamphamvu amene angawagwire dzanja. Achimwene anuwo muwatenge tsiku limenelo akaone okha mmene amayi akupondera.